Galu wanga akungopukusa mutu ndipo khutu likununkha, ndithandizeni

Mayi_a_Tadala_Chilinde
Moni nonse. Ndili ndi galu wamkazi wa zaka zitatu, wosakanizika Boerboel ndi wachikuda. Chiyambire mvula ino akungopukusa mutu, usiku timamva makutu ake akuomba kuseri kwa nyumba mpaka kutidzutsa. Akukanda khutu lakumanzere ndi mwendo wakumbuyo, kwinaku akulira. Dzulo nditatukula khutulo ndapeza m'kati muli mofiira, muli zakuda zonata, fungo lake losaneneka. Kudya akudya bwinobwino. Alipo amene anakumanapo nazo? Ndigule mankhwala anji odontheza? Aneba akuti ndifunditse mafuta ophikira ndithiremo.

Che_Mdala_Mangochi
Nkhupakupa zimenezo mayi. Yang'anani m'makwinya a khutumo ndi tochi, zimakonda kubisala mmenemo. Zothothani, galu wachira.

Bambo_a_Dalitso
Oyilo wakuda wa galimoto basi. Ife kumudzi agalu athu onse timawapaka ameneyo, ntchentche sizifikako.

Nachisale_Zomba
Bambo a Dalitso, chonde ayi. Mayiwa akunena za m'kati mwa khutu, inu mukunena za zilonda za kunsonga. Ndipo ngakhale kunsongako, oyilo wogwiritsidwa kale ntchito ali ndi poizoni wa zitsulo. Galu akakanda amanyambita phazi lake, ndiye kuti wameza.

Bambo_a_Dalitso
Nanga bwanji agalu athu sanafe? Malemu bambo anga anaweta agalu osaka moyo wawo wonse, dokotala wa ziweto sanamuonepo.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Mayi a Tadala, zikomo pofunsa musanathire kanthu. Mafuta ophikirawo asiyeni. Ndifotokoze pang'ono mmene khutu la galu linapangidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Khutu la munthu njira yake imalowa pafupifupi chowongoka. La galu limayamba latsika pansi, kenako n'kukhota kulowera m'mutu, ngati chilembo cha L. Madzi, phula kapena kachitsotso zikafika pokhotapo sizituluka zokha mosavuta. M'katimo mumakhala mofunda, ndipo galu wa makutu ogwa ngati wanuyo khutu limatsekanso pakhomo, mphepo siilowa. Nyengo ino ya chinyezi mafangasi ndi mabakiteriya, amene amakhala pakhungu la galu aliyense osavulaza, amapeza mpata n'kuswana kwambiri. Fungo mukulimvalo ndi ntchito yawo.

Tsono apa ndi pamene ambiri timaphonya. Tizilomboti kawirikawiri si chiyambi cha vuto, timangolowa pamene china chatsegula chitseko. Chimene chimayambitsa chikhoza kukhala nthata za m'makutu, nkhupakupa monga anenera Che Mdala, njere ya udzu imene yalowa galu akuthamanga patchire, madzi osambira, kapena thupi la galu kudana ndi chakudya china kapena fumbi ndi mungu. Zonsezi mukaziona ndi maso zimafanana: kufiira, zakuda, fungo. Koma mankhwala ake ndi osiyana. N'chifukwa chake sindingakutchulireni dzina la botolo loti mugule. Dokotala amayamba wasuzumira ndi kachipangizo kounikira kuti aone ngati mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kotsekera m'kati kaja, ali bwinobwino. Akatero amatengako zakudazo pang'ono n'kuziona pa maikulosikopu. Mphindi zochepa chabe amadziwa ngati ndi nthata, mafangasi kapena mabakiteriya.

Za mwinikhutuzi musazitenge mopepuka. Ngati anabooka, mankhwala ena odontheza, monga okhala ndi gentamicin kapena neomycin, amalowa mpaka m'kati ndipo angathe kumugonthetsa galu. Inu muli ku Chilinde, madokotala a ziweto mu Lilongwe alipo, kuphatikizapo a bungwe losamalira nyama la LSPCA. Pitani naye sabata ino.

Mayi_a_Tadala_Chilinde
Zikomo kwambiri alangizi. Nkhupakupa ndayang'ana ndi tochi, ndapezamo ziwiri zazing'ono kukamwa kwa khutu ndazichotsa, koma akupukusabe mutu. Mawa ndikapempha galimoto kwa achimwene anga.

Mphwanga265
Zonsezi n'zabwino kwa inu a m'tauni. Ife kuno kwathu dokotala wa agalu tikamupeza kuti? Ndalama ya minibasi yokha ndi ya ufa wa sabata, ndipo kondakitala sangalole galu kukwera. Tiuzeni zoti tichite pakhomo.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Funso lanu ndi loona achimwene, sindilinyoza. Yambani ndi mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA). Ambiri amamudziwa ngati wa ng'ombe ndi mbuzi, koma agalu amawaonanso, ndipo akhoza kubwera panjinga pakhomo panu. Mukudikira, chimene mungachite bwinobwino ndi ichi: chotsani nkhupakupa zooneka, pukutani pakhomo pa khutu ndi thonje kapena kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi owiritsa atazirala okhala ndi timchere pang'ono, kofinyidwa bwino kuti madzi asadonthere m'kati. Galu agone pouma. Musathiremo sipiriti, palafini, mchere wouma, fodya, madzi a batire kapena mankhwala a dibi. Zonsezi ndinaziona m'makutu a agalu, ndipo galu amabwera khutu litapsa kuposa matenda amene anali nawo.

Gogo_Nabanda
Inenso ndifunseko. Galu wa mdzukulu wanga nsonga za makutu zadyeka, zikutuluka magazi, ntchentche zili ng'waa tsiku lonse. Ndi matenda omwewa?

Nachisale_Zomba
Ayi agogo, zimenezo ndi zina. Pali ntchentche zoluma, maonekedwe ake ngati za m'nyumbazi koma zimayamwa magazi, zimaswana mu ndowe ndi mu udzu wonyowa wowola. Galu wa makutu oimirira zimamuluma kunsonga, wa makutu ogwa zimamuluma popindikira. Tsukani chilondacho ndi madzi a mchere pang'ono, chiume, kenako pakani Vaseline wambiri kuti ntchentche zilephere kufika pakhungu. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezekanso mafuta opaka othamangitsa ntchentche. Koma chachikulu n'kusesa. Ngati galuyo amamangidwa pafupi ndi khola la ng'ombe kapena dzala, musunthireni kwina pamthunzi, zitosi zake muzikwirira tsiku lililonse. Ntchentchezi zimaluma masana, ndiye akamakhala m'kanyumba dzuwa likaswa mtengo chilonda chimapola msanga.

Bambo_a_Dalitso
Ndiye Vaseline ndi oyilo zikusiyana pati? Zonse ndi mafuta.

Nachisale_Zomba
Vaseline mumapaka mwana wakhanda. Oyilo wotuluka mu injini mungamupake mwana wanu pachilonda?

Alonda_a_Kanjedza
Ine maganizo anga ndi ena. Agalu achizungu awa ndi amene amabweretsa mavuto. Ndagwira ulonda nyumba zambiri ku Blantyre kuno, galu wachikuda sindinamuonepo akudonthezedwa mankhwala m'khutu. Koma awa a makutu aatali ofika pansi, mwezi ndi mwezi ali kuchipatala. Bwanji osangodula makutuwo akadali ana, mphepo izilowa?

Chikondi_ku_Leeds
Akulu, mbali yoyamba mwanena zoona pang'ono. Mitundu ya makutu ogwa ndi aubweya wambiri, monga Cocker Spaniel ndi Basset Hound, ndiponso okonda madzi ngati Labrador, imavutika kwambiri. Koma German Shepherd makutu ake ndi oimirira, chonsecho amadwala makutu kawirikawiri. Ndiye kudula si mankhwala. Mumangodula chakunja, njira yokhota ija imatsala momwemo. Kuno ku England kudula makutu a galu kuti azioneka woopsa ndi mlandu pansi pa lamulo losamalira nyama la 2006. Ndikakumbukira mmene anyamata ankadulira tiana ta agalu ndi lumo kwathu kuja, popanda chochititsa dzanzi chilichonse, mtima umandiwawa mpaka lero.

Che_Mdala_Mangochi
Achikudanso amadwala, kungoti palibe amene amatukula khutu lawo n'kuyang'ana. Kuno kunyanja agalu amatsatira ana kukasamba, ndipo ambiri mukawayandikira fungo la khutu mumalimva.

Alonda_a_Kanjedza
Komabe galu wodulidwa makutu amaopsa. Akuba amamuthawa.

Mphwanga265
Wakuba amathawa kuuwa, usiku makutu amawaona ndani?

Namaseko_Mzuzu
Ndiloleni ndinene zimene zinachitikira mchemwali wanga, mwina zithandiza wina. Galu wake ankapukusa mutu chonchi kwa nthawi ndithu. M'mawa wina anadzuka khutu lonse litafufuma, lofewa, lotentha, lolemera moti linkalendewera mbali imodzi. Mwamuna wake anaganiza kuti ndi chithupsa, anafuna kuboola ndi singano. Mwamwayi anayamba afunsa. Dokotala anawauza kuti si mafinya, ndi magazi. Galu akamapukusa mutu mwamphamvu, timitsempha ta m'chikopa cha khutu timaphulika, magazi n'kudzaza pakati pa khungu ndi chichereŵechereŵe. Ukaboola wekha amadzazanso, ndipo walowetsamo tizilombo. Dokotalayo anamugoneka galuyo, anachotsa magaziwo n'kusoka khutu m'malo angapo kuti lisadzazenso. Ndalama zimene zinapita pamenepo zinaposa kutali zimene akanalipira poyamba paja khutu likungonunkha. Akanalisiya, akuti likanauma lokha koma n'kukwinyika mpaka kalekale.

Mayi_a_Tadala_Chilinde
Ndabwerako anzanga. Dokotala wapeza kuti mwinikhutu ali bwino. Nthata mulibe, njere ya udzu mulibe, ndi mafangasi ochuluka ndi mabakiteriya pang'ono. Wamutsuka khutu pomwepo, zimene zatuluka sindinayembekezere kuti zingakwane m'khutu limodzi. Wandipatsa madzi otsukira ndi mankhwala odontheza, wati ndibwererenso pakatha milungu iwiri akaonenso ngakhale galu ataoneka kuti wachira. Wandifunsanso ngati galuyu amanyambita mapazi, ndipo amaterodi, pakati pa zala pamachita kufiira. Akuti mwina gwero lake ndi ziwengo. Anandifunsanso mmene timamusambitsira. Mnyamata wathu amamuthira madzi ndi paipi kuyambira kumutu.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Mwachita bwino mayi. Mankhwalawo mumalize masiku onse amene mwauzidwa. Fungo limatha msanga, masiku atatu kapena anayi, ndipo apa ndi pamene anthu amasiya. Tizilombo totsala pansi pokhota paja ndi tolimba, tikabwerera mankhwala omwewo satigwiranso bwino.

Potsuka chitani chonchi. Gwirani khutu mulikokere m'mwamba pang'ono kuti njira iwongoke, thirani madzi otsukirawo mpaka adzaze, mlomo wa botolo usakhudze khutu. Kenako tikitani patsinde pa khutu, m'munsi mwake pamene pali kolimba ngati kapaipi, kwa theka la mphindi. Mudzamva kaphokoso ka madzi m'katimo, ndiye kuti mukutikita pamalo pake. Musiyeni apukuse mutu, chitirani panja chifukwa zimamwazika. Pomaliza pukutani ndi thonje lokulunga kuchala, pokhapo pamene chala chikufika. Timitengo ta thonje totokosera m'makutu tija musagwiritse ntchito, timakankhira zonyansa pansi ndipo galu akadzidzimuka mungaboole mwinikhutu. Mankhwala odontheza muziika khutu litauma pang'ono, osati pamwamba pa zonyansa.

Mnyamata wanuyo mumuuze kuti paipi iziyambira m'khosi kutsika. Kumutu azingopukuta ndi nsalu yonyowa. Akhozanso kuika thonje pakhomo pa khutu posambitsa, koma asaiwale kulichotsa.

Achimwene_a_Biwi
Funso lapadera. Wanga akalira ndi ululu ndimamupatsa Panado kapena Brufen theka. Pali vuto?

Chikondi_ku_Leeds
Lilipo lalikulu achimwene. Brufen amayambitsa zilonda za m'mimba mwa galu ndipo amawononga impso. Panado akachuluka amawononga chiwindi, ndipo kwa mphaka ngakhale kachidutswa kamapha. Mankhwala a ululu a agalu alipo akeake, dokotala amapereka malinga ndi kulemera kwa galu.

Achimwene_a_Biwi
Zikomo, sindinkadziwa. Ndasiya lero.

Mwana_wa_Mlimi_Mchinji
Ine nkhawa yanga ndi ina. Galu wathu wayamba kuyenda mutu utapendekera mbali imodzi, akamayenda akudzandira, nthawi zina akuzungulira pamalo amodzi. Anthu pamudzi pano akuti ndi chiwewe, aphedwe. Koma khutu lakumanja lakhala likutuluka mafinya kuyambira kalekale. Ndichite bwanji? Ana anga amamukonda kwambiri.

Che_Mdala_Mangochi
Chiwewe si chochita nacho mwayi. Ana achoke pafupi naye kaye.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Che Mdala anena zoona, ana asamuyandikire mpaka atawonedwa. Mutsekereni pamalo pake, mumupatse madzi ndi chakudya osamugwira kukamwa, ndipo itanani mlangizi wa ziweto lero lomwe. Ndikufunseni: anabayidwa katemera wa chiwewe liti? Walumidwapo ndi galu wachilendo kapena nkhandwe miyezi yapitayi? Khalidwe lake lasintha, akuluma zinthu, akutuluka dovu, akulephera kumeza, mawu ake pouwa asintha?

Ndikufunsa chifukwa zimene mwafotokozazo zimachitikanso matenda a khutu akapyola mwinikhutu n'kufika m'kati mwenimweni. Mmenemo ndi mmene muli ziwalo zothandiza nyama kuima osagwa. Zikatupa, mutu umapendekera mbali ya khutu lodwalalo, galu amachita chizungulire, maso amatha kumagwedera okha, ena amasanza, ena mlomo ndi chikope za mbali imeneyo zimagwa. Izi zimachizika, koma zimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo, odontheza okha sakwanira. Komabe zimenezi sizoti ine kapena inu tigamule pafoni. Ndipo ngati wina pakhomopo walumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala osadikira zotsatira za galu.

Mwana_wa_Mlimi_Mchinji
Katemera anabayidwa chaka chatha nthawi ya kampeni, kapepala tili nako. Sakuluma munthu, akudya, akugwedeza mchira akationa. Ndamutsekera m'khitchini yakale, alangizi akuti afika madzulo.

Alonda_a_Kanjedza
Kapepalako mwachita bwino kusunga. Kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mu 2015, ndipo ambiri tinazolowera kupita nawo agalu kumasukulu akalengeza. Koma anthu timataya timapepalato, tsiku la vuto ulibe umboni.

Gogo_Nabanda
Katemerayu ndi wa chaka chilichonse eti? Ife timangomva pa wailesi mwezi wa September.

Nachisale_Zomba
Eya agogo, kuno timabayitsa chaka ndi chaka. Pa 28 September ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, n'chifukwa chake mumazimva kwambiri nthawi imeneyo. Koma tibwerere ku makutu, ine ndikufuna kumva za ziwengo zimene atchula Mayi a Tadala. Wanga khutu limachira, pakapita miyezi iwiri labwereranso, makutu onse awiri. Amadya nsima ya mgaiwa ndi bonya, nthawi zina mitu ndi mapazi a nkhuku.

Chikondi_ku_Leeds
Khutu likamabwerezabwereza chonchi, makamaka onse awiri, komanso galu akamanyambita mapazi, kukanda m'khwapa kapena pamimba, madokotala amaganizira ziwengo. Pali za chakudya ndi za zinthu zouluka monga mungu ndi fumbi. Pa zakudya, zimene zimapezeka kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, nkhuku, mkaka ndi tirigu. Njira yodziwira ndi yotopetsa: galu amadya mtundu umodzi wa ndiwo umene sanadyepo, ndi chokhutitsa chimodzi, kwa milungu pafupifupi 8, popanda kanthu kena ngakhale fupa. Zikasintha mumabwezera chakale kuti muone ngati kuyabwa kubwerere. Vuto la kwathu ndi lakuti galu amadya makombo a aliyense pakhomo, ndiye banja lonse liyenera kugwirizana.

Bambo_a_Dalitso
Galu kudana ndi nkhuku? Izi ndiye zachilendo. Galu wanjala sasankha.

Nachisale_Zomba
Sasankhadi bambo, amadya mokondwa, koma thupi ndi limene limakana. Anthu ena akadya nsomba kapena mtedza amatuluka ziwengo, si kuti sakonda.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
A Nachisale, musanafike poyesa zakudya, yambani mwathana ndi utitiri ndi nkhupakupa, chifukwa kuno kwathu ndi zimene zimayabwitsa agalu ambiri. Ndipo khutu lobwerezabwerezalo musalizolowere. Kutupa kulikonse kumasiya khungu la m'njira muja litakhuthala, njira imachepa, pamapeto pake imauma gwaa n'kutsekeka moti mankhwala salowanso. Zikafika apo chotsala ndi opaleshoni yochotsa njira yonseyo. Mafinya akakhala obiriwira kapena achikasu, oyenderera, pemphani kuti akayezedwe ku labotale. Pali bakiteriya wina wotchedwa Pseudomonas amene samva mankhwala ambiri, ndipo kumulimbana mongoyerekeza n'kutaya ndalama.

Kupewa kwake sikufuna zambiri. Kamodzi pa sabata tukulani makutu, yang'anani, nunkhizani. Khutu labwino ndi lotuwira mofiirira pang'ono, louma, lopanda fungo, ndipo loterolo lisiyeni, kutsukatsuka khutu labwino kumaliputa. Akanyowa ndi mvula kapena akasambira, pukutani. Udzu ukayamba kuuma cha mu April ndi May, muzimuyang'ana akachoka kutchire, chifukwa njere zosongoka zimayenda cholowa, sizibwerera. Galu amene wangoyamba mwadzidzidzi kupukusa mutu ndi kulira khutu limodzi atachoka kuthengo, ganizirani njere, ndipo musayese kuitokosa.

Namaseko_Mzuzu
Alangizi, nanga tiana ta agalu? Ndalandira kamodzi ka miyezi iwiri, m'makutu monse muli zakuda zouma zofumbutuka, ndipo mphaka wanga wayambanso kukanda makutu.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Zimenezo zikumveka ngati nthata za m'makutu. Zimakonda tiana ndi amphaka, ndipo zimayenda kuchoka pa chiweto china kupita pa china zikamagona pamodzi. Kuchokera pa dzira mpaka nthata yaikulu pamatenga milungu itatu, ndiye mukachiza masiku ochepa mazira amaswa n'kuyambiranso. Muchize agalu ndi amphaka onse a pakhomo nthawi imodzi, zogonera zawo muchape ndi madzi otentha muyanike padzuwa. Mapiritsi a nkhupakupa monga NexGard ndi Bravecto amaphanso nthatazi, koma amaperekedwa poona msinkhu ndi kulemera, ndiye kagaluko kakayezedwe kaye pa sikelo.

Mphwanga265
Ivermectin wa ng'ombe uja sangagwire? Amapezeka paliponse.

Mlangizi_wa_Ziweto_Dedza
Amapha nthata, koma anasungunulidwa poganizira nyama yolemera makilogalamu mazana. Kwa kagalu ka makilogalamu atatu, kadontho kowonjezera kangakagwetse, kuchititsa khungu kapena kupha, ndipo agalu a mtundu wa Collie ndi osakanizika nawo amavulala ngakhale ndi mlingo wochepa. Asabaye munthu wongoyerekeza. A Namaseko, inunso samalani ndi mphakayo: mankhwala ambiri a agalu othira pamsana kapena othamangitsa ntchentche ali ndi permethrin, amene kwa mphaka ndi poizoni woopsa. Werengani pa botolo, ndipo mphaka mumugulire akeake.

Namaseko_Mzuzu
Ndamva alangizi. Loweruka ndipita nazo zonse ziwiri, mphakayo ndimuika m'katoni yoboola.